Ndinasaina m'Dzina Lanu

Komboni ya Kumunsi,
Trelawney.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Laxon,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu ku Polokwane kumeneko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Msana uja unaleka? Ife kuno tadzuka, kungoti mwendo wanga umatupa ndikaima nthawi yaitali ku shedi yosankhira fodya.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndalephera. Katatu konse mwandiimbira, ine n'kumangokamba za chilala ndi mtengo wa ufa.

Ndinakuuzani kale za kampani ya ku Harare imene inabwereka mbali ya kumunsi kwa pulazi, famu ya fodya ino, pafupi ndi damu. Anakumba maiwe asanu ndi limodzi oweteramo nsomba, madzi amapopa ndi mphamvu ya dzuwa. Ali ndi shedi ina imene amawetamo mphutsi za ntchentche, kuziumitsa n'kuzigaya kuti nsomba zizidya. Poyamba tinkaseka. Koma mwana wanga Rudo atamaliza maphunziro ake a zakudya ku Chinhoyi, anamulemba ntchito yoyang'anira chipinda chozizira ndi makina oumitsira nsomba. Tsiku limene ndinamuona atavala zoyera, makiyi ali m'manja, ndinakabisala kuseri kwa bafa n'kulira. M'banja mwathu palibe amene anagwirapo ntchito yosanunkha fodya.

Mu Epulo kunabwera anthu a ndalama ochokera kunja, ndipo Rudo ndiye anawayendetsa. Alendowo anakondwa, n'kunena kuti aikamo ndalama zawo ngati maiwe awonjezeredwa ndi khumi. Malo otsala oyenera maiwe anali amodzi okha: manda a pakomboni.

Anatisonkhanitsa pabwalo la mpira. Manejala wa kampaniyo, mayi waulemu ndithu, anafotokoza kuti mapepala a boma alipo, mabokosi atsopano agula ndi iwo, ndipo akufa athu akagona kumtunda kwa msewu, pamalo a mpanda, aliyense ndi mwala wake. Chofunika chinali chakuti wamkulu wa banja lililonse asaine.

A Faustino, a ku Tete okonza mathirakitala aja, anaimirira. Anati ife tilibe kumusha, kwathu kobwerera, manda amenewo ndiwo mudzi wathu, ndipo mkazi wawo anasamuka mokwanira ali moyo, sasamukanso. Anthu anayamba kung'ung'udza, maso onse kwa ine, mayi wa Rudo.

Manejala anandifunsa ngati achimwene anga a ku Joni avomera. Ndinati eya, tinalankhulana dzulo. Ndinanama, achimwene. Dzina lanu ndinalemba ndi dzanja langa. Ndinkaopa kuti mukana, alendo aja abwerera ndi ndalama zawo, ntchito ya mwana n'kuthera pomwepo. Nditasaina ine, mabanja ena anatsatira.

Tsiku lofukula abusa analipo, tinaimba nyimbo. Amayi tinawapeza bwinobwino chifukwa cha simenti munatumiza ija. Koma atate. Mukukumbukira mmene tinawaikira mu 2008, mothamanga, kolera ili mkati, chizindikiro chili chitsulo cha pulawo chimene munalembapo ndi penti. Chitsulocho anazula kalekale ogulitsa zitsulo zakutha. Ndinaloza pamene ndakhala ndikulambula chaka ndi chaka. Anakumba mpaka kulekeza m'khosi, osapeza kanthu. Anakumba kumanja, anakumba kumanzere, masiku atatu. Pomaliza wokumba wina anavula chipewa n'kundiuza m'Chishona kuti, "Amayi, dothi la pano n'lonyowa, mwina linawadya kale."

Sindikudziwa ngati dothi linawadyadi, kapena zaka zonsezi ndinkalambula pamalo opanda munthu.

M'bokosi lawo tinaikamo dothi. Mu Julayi anatsegula madzi. Pamene panali mzere wa atate tsopano ndi dziwe la nambala naini.

Manda a mkazi wa a Faustino anawasiya pakona, atawatchinga ndi waya. Sanawachotse ntchito a Faustino, palibe anawakalipira. Ndimadutsa pamenepo m'mawa uliwonse, n'kuona ndi maso anga kuti kukana kunali kotheka.

Rudo anaona pepala lija ku ofesi, ndipo kalembedwe kanga amakadziwa. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati amalume anavomeradi. Ine ndinangotuluka panja. Kuyambira pamenepo sadya nsomba, ngakhale antchito amapatsidwa zaulere Lachisanu lililonse. Sadza, nsima ya kuno, amadyera masamba, mutu uli pansi. Sabata yatha anandiuza kuti akusiya ntchito, sangamaike pasikelo nsomba zonenepera pa agogo ake. Ndinamugwadira, ine mayi wake, kuti ayambe wadikira mawu anu.

Achimwene, sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Ndikalipireni. Ngati n'kundinyanyala, ndinyanyaleni chaka chathunthu, ndivomera. Koma muimbireni Rudo. Ndinu amalume ake, mwini mbumba, ndipo ndinu nokha amene angakumvereni. Muuzeni kuti mlandu ndi wa mayi ake, iye asasiye ntchito. Akasiya, ndiye kuti atate ndawataya pachabe.

Chinanso, mwala wa atate sunalembedwe. Wosema anafuna kulemba kuti "Pano pagona" ngati miyala inayo, ndinamuletsa. Pamenepo sipanagone munthu. Mwalawo uli chiimire, wopanda mawu, pambali pa amayi. Ngati mungathe, bwerani pa Khirisimasi, kombi ikakutsitsani pamsewu ndidzakuchingamirani, mudzauone nokha ndi kutiuza cholemba.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Anesi, ndi kwa Delight ndi mng'ono wake. Ana musawauze kaye. Mulungu akusungeni pantchito panu, ndipo akupatseni mtima woti muwerenge kalatayi mpaka pano.

Ndine mlongo wanu,
Lestina