Achimwene Akana Kufufuta Khoma la Tchalitchi

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Nanga Abambo chifuwa chija chikuwagoneka tulo? Kuno tili bwino, kungoti manja anga asupuka ndi sopo wa kuntchito, poti kuchapa mabulangete a eni ake sikutha.

Ndalemba mothamanga chifukwa ndamva kuti kalata ya akulu a mpingo wa kuno ili kale m'njira, ikubwera kwa Abambo monga mkulu wa mpingo wa kwathuko. Ikunena za achimwene. Ndikufuna mumve kaye kwa ine amene ndinaona ndi maso angawa.

Mukukumbukira kuti Mtumiki, mtsogoleri wa mpingo wathu, atawerengera masiku a m'buku la Danieli ndi Chivumbulutso analengeza tsiku lobwera Ambuye. Ntchito yolemba tsikulo pakhoma la tchalitchi loyang'ana kumsewu anaipereka kwa achimwene, poti ndiwo olemba zikwangwani. Amayi, mukanaona! Malembo ofiira, lililonse msinkhu wanga, owongoka ngati anachita kusindikiza. Anthu a m'basi ankachita kutulutsa mitu pawindo. Achimwene anagwira masiku anayi osalandira kanthu, akuimba ali pamakwerero.

Ndipo ankakhulupiriradi, osati zapakamwa ayi. Mwini sitolo wina atawaitana kuti adzamulembere chikwangwani sabata yotsatira tsikulo, anakana, ati kudzakhala kulibe wogula. Makwerero awo anangopatsa mnzawo wopenta nyumba, amene timamutcha Chautsi chifukwa cha fodya. Akaweruka ankayenda khomo ndi khomo mumsewu wathu, Baibulo kukhwapa, kuchenjeza anthu.

Tsiku linafika. Tinavala zoyera, tinaimba kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa. Dzuwa linalowa ngati masiku onse. Tinabwerera kunyumba osayang'anana.

Lamlungu lotsatira Mtumiki anaima paguwa n'kunena kuti iwo sanatchulepo tsiku, anthu ndi amene anapupuluma. Ine ndinangozyolika, Amayi, pamene makutu angawa anamva. Titatuluka, akulu anaitanira achimwene m'chipinda chosungiramo mipando, ine ndikudikira pakhomo. Anawapatsa ndowa ya penti yoyera kuti afufute khomalo lisanafike Lachitatu, ndipo wina akafunsa aziti analemba za m'mutu mwawo.

Mwana wanuyo mukumudziwa, sakweza mawu. Anati khomalo afufuta tsiku lomwelo, bola Mtumiki aime pamaso pa anthu n'kuvomera kuti analakwitsa. Anati kuphonya powerengera si tchimo, iwonso anakhulupirira, koma kapepala kamene ankaonera polemba kanachoka m'dzanja la Mtumiki. Kenaka anawauza zapantchito yawo, kuti penti yofiira ukaiphimba ndi yoyera imatulukirabe, pokhapokha utayamba wapala khomalo mpaka pansi. Mkulu wina anapsa mtima, ati tsopano wopenta akufuna kuphunzitsa odzozedwa. Achimwene anaika ndowa ija pansi mosamala kuti isatayike, anagwira aliyense chanza, n'kutuluka. Sanapondekonso.

Koma chimene chandichititsa kuti ndilembe si chimenecho. Sabata yomweyo anabwerera khomo lililonse limene analalikira, kukapepesa. Palibe anawatuma. Alamu anga anawaletsa, ati mukachita kutukwanidwa bambo, anthu aiwala okha. Iwo anati pakamwa pamene panawasokeretsa anthuwo ndi pawo, sangatume wina.

Anapeza mayi wina wamasiye atasiya kumwa mankhwala a shuga, akuti thupi latsopano layandikira. Miyendo inali itatupa, maso osaona bwino. Anawaperekeza kuchipatala n'kukhala nawo pabenchi tsiku lonse. Pakhomo lina pali mtsikana amene sanalembe mayeso chifukwa cha uthenga wawo. Bambo ake anawalalatira mpaka anthu kudzadza pamsewu, ati mwana wanga wataya chaka chifukwa cha inu. Achimwene anangoima, chipewa m'manja, mpaka bamboyo atatopa. Anati zonse mwanenazi n'zoona. Ine ndinali kuseri kwa anthu, misozi ili chuchuchu. Sindinaonepo munthu akuchita manyazi mwaulemu chotero.

Zoseketsa zinalipo ndithu. Atapita kukapempha makwerero awo, Chautsi anawafunsa ngati kumwambako awabweza chifukwa choiwala chokwerera. Achimwene anaseka mpaka kukhala pansi. Makwererowo anabwera nawo atanyamula awiriwo, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Kalatayo ikuuzani kuti ataya chikhulupiriro. Limenelo ndi bodza, ndikunena ine. M'mawa uliwonse ndikamadzuka ndimawapeza patebulo, Danieli ali chitsegulire, chala chikuyenda pamzere. Tsiku lina ndinawaputa dala, ndinati simunatope nalo buku lakugwetsanili? Anati buku silinawapatse kapepala. Akuti Ambuye akubwera ndithu, ndipo akufuna adzawapeze ali ndi burashi m'manja, osati bodza pakamwa.

Ine ndiye wamantha, ndisakubisireni. Ndimapitabe, n'kukhala benchi lakumbuyo. Akulu anatilamula kuti tisadye ndi achimwene kapena kuwapatsa moni, pamene ine ndimagona m'nyumba mwawo n'kumadya patebulo pawo. Alamu ndi amene avutika kwambiri. Azimayi amene ankaimba nawo kwaya amawadutsa pamsika ngati mtengo, ndipo atabereka palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzaona mwana. Khoma lija analifufuta munthu wina waganyu, koma masana ukadutsa umawerengabe tsikulo bwinobwino.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Kumapeto kwa mwezi achimwene akubwera ndi alamu kudzakuonetsani mdzukulu wanu, kamtsikana ka mphumi ya Abambo yeniyeni. Achimwene akudziwa kuti kalatayo ikulamula kuti musawalandire pakhomo. Akuti sadzakangana ndi Abambo, ndiponso safuna kuwachotsetsa paudindo. Abambo akadzakana, iwo adzangoima pageti, adzamukweza mwanayo m'mwamba kuti mumuone pamwamba pa mpanda, kenaka abwerere ndi basi yomweyo. Ananena zimenezi akutsuka maburashi, ngati akunena za mvula.

Chonde, Amayi, lankhulani ndi Abambo kalatayo isanawerengedwe pamaso pa mpingo. Inu amakumverani mukawapeza ali okha. Sindikupempha kuti munene kuti achimwene akhoza. Ndikungopempha kuti geti lidzatsegulidwe.

Mundiperekere moni kwa Abambo, kwa azakhali ndi amalume, kwa achemwali ndi ana awo onse. Muwauze achemwali kuti nsalu ija ndinaipeza, ndibwera nayo, pakuti nanenso ndapempha masiku atatu kuntchito ndipo tikwera basi imodzi. Ndakhala chete mokwanira pabenchi lakumbuyo. Geti likadzatsegulidwa ndidzalowa pambuyo pawo. Likadzakhala lotseka, musadzandiitane ndekha, Amayi, chifukwa sindidzalowa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Chitsiriza wanu