Tsiku limene ndinatema chitseko cha chipinda chanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ife kuno ku Boma tilipo. Ndikulemba kalatayi nditakhala pakhonde, ndipo ndili ndi mlandu woti ndiuulule kwa inu ndekha. Koma ndiyambe ndi zabwino, monga munkafunira kuti munthu aziyambira akabwera ndi uthenga.

Achemwali a Aginesi anabereka mwana wamkazi m'nyengo yozizira. Tinamutcha dzina lanu, Rozina. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mukalawa ndiwo zochepa mchere. Bambo ake akadali ku Joni, amaimba foni Lamulungu lililonse. Nandolo wa kumunda wa ku Nchema anabereka bwino, ngakhale kuti mbuzi za eni ake zinadya mizere ya m'malire. Chimanga ndiye chinatinyoza, chifukwa feteleza tinathira mochedwa. Ine ndili m'chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo mayeso ndikukhoza.

Tsopano za chipinda chanu. Titabwerako kumanda tsiku lija, atsibweni a Fulugensio, achimwene anu, analamula monga mwini mbumba kuti chipindacho chitsekedwe mpaka tsiku la chiliza, pamene abale onse adzasonkhane kudzagawa zovala ndi katundu wanu. Anakhoma matabwa pawindo cha m'kati, anaika loko pachitseko, kiyi n'kupita naye kwawo ku Nchema. Ine ndinatsutsa. Ndinati mwambo wotsekera ana kunja kwa chipinda cha mayi wawo ndi wofunika kuuunikanso. Anandiyankha kuti mabuku andizunguza mutu. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti, "Madalitso, sukulu yakoyo uziisiya pageti ukamalowa muno," ndipo ndinawasiya atseke. Chipindacho chinakhala chotseka miyezi khumi.

Loweruka lapitali ndinatsika minibasi ya ku Limbe m'mawa. Ndinapeza achemwali akukolopa pabalaza, mwana ali kumsana. Anati kuyambira dzulo lake madzi akutuluka pansi pa chitseko chanu, ndipo akakolopa akubweranso. Nditaika khutu pachitsekopo ndinamva madzi akuthetheka ngati mafuta m'poto. Ndinazungulira kuseri. Khoma linali litada mpaka m'chiuno, ndipo nditakanikiza chala pakati pa njerwa, chinalowa. Mukukumbukira kuti nyumbayi munaimanga ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi dothi, popeza simenti inangokwanira pansi ndi pulasitala. Ndinadziwa pomwepo kuti khomalo likagwa likoka denga, ndipo denga ndi limodzi: la chipinda chanu, la pabalaza, ndi la chipinda chimene achemwali amagona ndi khanda.

Ndinathamangira pamita kuti nditseke madzi. Chotsekera cha pamenepo sitinachikhudze zaka zambiri. Chinali chitachita dzimbiri, ndipo nditachipotokola ndi pulayala chinathyoka n'kutsalira m'manja. Chotsekera china chinali m'chipinda mwanu, kuseri kwa bedi, pamene munauza mmisiri kuti achiike kuti tisamaseweretse madzi inu mukapita kumsika wa ku Namadzi. Munkati, "Madzi awa si a boma, wolipira ndine." Tsiku limeneli kusamala kwanuko kunali kuseri kwa loko.

Ndinaimbira atsibweni. Anali kumunda, akuunga mizere. Anati titseke pansi pa chitseko ndi nsanza, abwera mawa akatuluka ku Misa. Nditayamba kufotokoza za khoma, anadula foni.

Pulambala sapezeka msanga Loweruka. Woyamba, amene nambala yake inalembedwa ndi penti pakhoma la chigayo, anati ndiyambe ndamutumizira ya mafuta pafoni asananyamuke. Munthu wosamudziwa nkhope sindikanamutumizira kanthu. Wachiwiri anali kumaliro. Ndinapita pamsika, pafupi ndi sitolo ya zipangizo zomangira, pamene amisiri amakhala pabenchi kudikira ntchito. Amene anandithamangira akulonjeza kuti amaliza m'mphindi zochepa ndinawapitirira. Ndinasankha bambo wina wachikulire, a Makwinja, chifukwa ndi okhawo amene anandifunsa mafunso asanatchule mtengo: paipi ndi yachitsulo kapena yapulasitiki, madzi anayamba liti, njerwa analumikiza ndi simenti kapena dothi. Nditati dothi, anasiya chinangwa chimene ankadya n'kunyamula chikwama cha zida.

Atafika anayang'ana khoma, kenako mita. Anati paipi yochokera pamita ndi yachitsulo ndipo inadutsa pansi pa konkire ya khonde. Kuikumba ndi kuidula kukanatenga mpaka madzulo, pamene khoma silikanadikira mpaka madzulo. Komanso madzi amene anadzaza m'chipindamo ankayenera kutuluka. Anafunsa kiyi. Nditawauza chifukwa chimene chipindacho chinatsekedwera, anavula chipewa, nati iwonso ndi munthu wa mwambo, ndipo sangadule loko wa malemu popanda mwini nyumba kulamula. Ndinawauza kuti kwathu kuno nyumba ndi ya ana aakazi, ndipo ana aakaziwo ndi ife awiri tili pamaso pawo. Achemwali anavomera ndi mutu, misozi ikutsika. A Makwinja anagwada pachitseko ndi sowo wodulira zitsulo.

Sindikudziwa amene anatumiza uthenga ku Nchema. Atsibweni anafika pa njinga yamoto ya kabaza, fumbi la kumunda lili m'miyendo, khasu lili m'manja. Sanapereke moni ndipo sanafunse kanthu. Analowa, anakweza khasu, n'kumenya a Makwinja ndi mpini m'mutu. Amayi, kulira kwake sindidzakuiwala, kunali ngati dzungu lagwa pasimenti. Bambo uja anagwera chammbali m'madzi, magazi n'kufalikira mpaka pabalaza ponse panafiira. Atsibweni ankakuwa kuti ndife mbava, kuti tikufuna kuba za mlongo wawo, kuti chipindacho chikatsegulidwa mwambo usanachitike khandalo litupa n'kufa. Achemwali anawagwira mkono. Atsibweni anawakankha mwamphamvu, ndipo achemwali anakagunda kabati mwana ali kumsana. Mbale zanu zagalasi zija zinagwa n'kusweka zonse. Rozina analira kulira kumene sindinamumvepo. Kenako atsibweni anakwezanso khasu pamwamba pa munthu wogona pansi, ulendo uno atalozetsa kuchitsulo.

Ine amene ndimaima pamisonkhano ya ophunzira n'kumanena kuti nkhanza ndi chida cha anthu amene mfundo zawathera, ndinatola sipanala yaikulu ya a Makwinja ndi manja awiri, ndipo ndinamenya achimwene anu pamkono. Ndinamva fupa likuthyoka. Khasu linagwa. Iwo anakhala pansi m'madzi muja, akundiyang'ana ngati sakundidziwa, nati, "Madalitso, wandimenya ine? Ine amene ndinkakukweza panjinga kupita nawe kuchipatala?"

Kiyi sindinawapemphenso. Ndinakatenga nkhwangwa kukhitchini. Loko ndinamugwetsa, koma chitseko chinakana kutseguka chifukwa madzi ankachikankha cha m'kati, choncho ndinatema matabwa a m'munsi mpaka anang'ambika. Sindinawerenge kuti ndinatema kangati. Ndikudziwa kuti ndinapitiriza kutema bowo litakwana kale, ndipo achemwali ndi amene anandilanda nkhwangwayo.

Madzi anatuluka akuda, onunkha nkhungu, ofika m'misongolo. Ananyamula mkeka umene unatseka kunsi kwa chitseko, nsapato zanu za kutchalitchi, buku lanu la nyimbo, zithunzi za ukwati wa achemwali, ndi khoswe wakufa. Zimene tinatsekera kuti tizisunge zinali zitawola kale. Matiresi anali obiriwira, zitenje za m'sutikesi zinkang'ambika tikangozikhudza. Kwa miyezi khumi ndinkadzitonthoza kuti tsiku lotsegula ndidzamvanso fungo la mafuta anu odzola. Munalibe.

A Makwinja anadzuka okha. Ndinawamanga mutu ndi duku la achemwali, ndipo ndinawapempha kuti tithamangire kuchipatala. Anati ayambe atseka madzi. Analowa akudzandira, anakankha bedi, n'kupotokola chotsekera chanu chija. Nyumba inati zii. Kenako anatsata pamene madzi ankatulukira, m'munsi mwa windo. Anazula thabwa limodzi mwa matabwa aja, anagumula pulasitala ndi chiselo, n'kudula chidutswa cha paipi yapulasitiki yopita kubafa. Pakati pake panali msomali wautali, wodyeka ndi dzimbiri. Anatifotokozera kuti msomali ukaboola paipi umatseka wokha bowolo, madzi n'kumangodontha pang'onopang'ono m'khoma popanda woona. Miyezi ikapita dzimbiri limaudya, ndipo tsiku lina bowo limatseguka lonse. Sananyoze munthu. Anangopita ndi chidutswacho kwa atsibweni, magazi akudontha kuchibwano, n'kuchiika pamwendo pawo.

"Akuluakulu, msomali uwu anakhoma ndani?"

Atsibweni anachiyang'ana, nauzindikira msomaliwo. Ndinkayesa kuti ndisangalala poona kuti choonadi chili kumbali yanga, koma sindinasangalale. Anatola nsapato yanu imodzi imene madzi anaisiya pafupi ndi phazi lawo, n'kuyamba kuipukuta pamalaya ndi dzanja lotsalalo, akulira mosatulutsa mawu. Miyezi yonseyi ndinkawaona ngati munthu wofuna kutilamulira. Sindinaganizepo kuti mwina kutseka chipindacho ndi chinthu chokhacho chimene ankaona kuti angamuchitirenso mlongo wawo.

A Makwinja anati khoma latha kale, chimene tingapulumutse ndi denga. Anthu amene anadzaza pabwalo kudzaonerera ndewu anawasandutsa antchito. Anazula mitengo ya bulugamu ya khola la mbuzi, n'kuchirikiza mitanda ya denga m'chipinda mwanu, mitengo isanu. Tinatulutsa mwana ndi katundu yense n'kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Atsibweni anakana kupita kuchipatala. Anakhala pampando, mkono utatupa ngati mtondo wa nsinjiro, maso ali kunyumba. Dzuwa litapendeka khoma linafufuma pakati, pulasitala anayamba kuthothoka, ndipo linagwera kunja lonse, pamene munkadzala mpiru. Malata anagwedezeka, mtanda umodzi unalira. Denga linakhala.

Pambuyo pake onse awiri analola kupita kuchipatala, kumene a Makwinja anawasoka, atsibweni anawaika chikhakha. Anakhala pabenchi imodzi. Namwino atafunsa chimene chinachitika, a Makwinja anayankha msanga kuti khoma lagwa, ndipo atsibweni anavomera. Ine ndinkafuna kuti tipite kupolisi, chifukwa munthu amene wabwera kudzagwira ntchito sayenera kubwerera kwa ana ake ndi mutu wong'ambika. Nditanena zimenezi panja, a Makwinja anandikumbutsa mwaulemu kuti kumeneko akafunsanso za mkono. Mpaka lero chikundiwawa kuti munthu amene tinamulakwira ndi amene anatiteteza tonse awiri.

Lolemba a Makwinja anabweranso, bandeji ili kumutu. Analumikiza paipi yatsopano n'kuidutsa poonekera, kuti wina asadzaikhomenso msomali. Anaika chotsekera chatsopano panja, anatiphunzitsa ine ndi achemwali kuchitseka ndi kuchitsegula, nati tizichipotokola kamodzi pamwezi kuti chisagwire dzimbiri. Pamene panali khoma lanu tatchingapo ndi malata akale. Chipinda chanu palibe, Amayi, koma nyumba yanu ilipo, ndipo mdzukulu wanu akugona m'menemo.

Za chitseko sindipepesa. Mwambo ndimaulemekeza pamene ukusunga anthu, koma umene ukanagwetsera denga pa khanda ndidzautsutsa pamaso pa abale onse tsiku la chiliza, ngakhale atandinena kuti ndine wamwano. Za mkono ndiye ndikupepesa, kwa inu poyamba, chifukwa ndi mkono wa mwana wa mayi anu. Ndaganizira kambirimbiri ngati panali njira ina m'kanthawi kaja. Sindinaipeze, komabe kusaipeza sikukundipepuza mtima.

Atsibweni sangagwire khasu kwa miyezi iwiri, mvula yayandikira, ndipo mizere anaisiyira pakati tsiku lomwelo. Foni yanga sakuyankha. Ndikukulonjezani kuti tikangotsekera sukulu ndipita ku Nchema, ndipo munda wawo ndikaulima ndi kuudzala wonse, kaya akandilankhula, kaya akangondiyang'ana ali pakhonde.

Gonani mumtendere, Amayi. Ndimakukondani lero monga kale.

Ine mwana wanu,
Madalitso