Nyimbo Yachitatu ya pa Kaseti ya Elton

Lolemba, 2 Novembala 2015

Alamu anga a Mtisunge, akazi a Elton, aimba foni ndili pa siteji ya basi kuno ku Sheffield, mvula ikuwaza. Elton amutulutsa m'chipatala, ali kunyumba ku Bangwe. Dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwirabe ntchito. Kuyankhula ayi. Chimugwereni sitiroko sanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe, mng'ono wanga amene ankakangana ndi apolisi a pamsewu mpaka iwo kuyamba kuseka.

Adokotala akuti miyezi yoyambayi ndiyo yofunika. Akapanda kuyamba kuyesa tsopano, mawu akhoza kupitiratu. Koma akamuuza kuti anene "a", amangotembenukira kukhoma.

"Koma alamu, pali kanthu. Akakhala okha amaimbira m'mphuno. Tamvani."

Anayandikiza foni. Poyamba ndinangomva tambala ndi wailesi ya aneba. Kenako ndinaimva. Nyimbo yachitatu.

"Mukuidziwa? Ipezeni, alamu. Mwina akaimva adzatsegula pakamwa."

Basi yanga inabwera, inapita.

Kupita kumudzi sindingathe. Pasipoti ili ku ofesi ya mapepala kuyambira mu Ogasiti.

Lachiwiri, 3 Novembala

Ndilembe za nyimboyi mutu usanaisokoneze.

Cha m'ma 2001 Elton ankayendetsa minibasi ya a Thompson, Limbe kupita ku Zomba. Inachokera ku Japan, m'mbali muli zilembo zawo zija ndi chithunzi cha kamwana ka njovu. Akuti kwawoko inkanyamula ana a sukulu ya mkaka. Wailesi yake sinkagwira siteshoni iliyonse ya kwathu, ndipo m'kati munali kaseti yokanirira. Tinayesa mpeni, tinayesa sipoko ya njinga, sinatuluke. Ndiye inkangozungulira, m'mawa mpaka madzulo.

Magitala olemera, ng'oma zoyenda ngati munthu wochokera kumunda, ndi mawu okhuthala a bambo wina wachisoni. Tinkati ndi mdala wa imvi amene mkazi anamuthawa. Mayi wina pa Namadzi anafunsa kuti ndi nyimbo za mpingo wanji. Elton anati, "Wa ku Tokyo, mayi. Chopereka kwa kondakitala."

Ine ndinkaphunzitsa ku Zomba, ndipo Lachisanu lililonse mpando wakutsogolo unali wanga. Yachitatu ikayamba tinkasiya nkhani. Mawu ake sitinkawamva, tinkangotsatira ndi m'mphuno. Ine ndi Elton sitinakhalepo pansi kuuzana zamumtima. Za maliro a bambo, za banja langa pamene linkatha, zonse tinazikamba mu nyimbo imeneyo, maso ali pamsewu.

Minibasiyo anaiphwasula kalekale ku Ndirande. Dzina la gulu sindilidziwa. La nyimbo sindilidziwa.

Lachitatu, 4 Novembala

Ndaimbira foni yanga nyimbo ija m'mphuno kuti iizindikire. Ikuti palibe chomwe yamva.

Lachinayi, 5 Novembala

Ofu, sindinapite kuntchito. Tsiku lonse pa intaneti, kusaka magulu a roko a ku Japan a zaka za m'ma 1990. Alipo ambirimbiri, tsitsi losongoka, majekete achikopa. Pali mindandanda yathunthu ya nyimbo zomwe akuti anthu a zaka makumi atatu ndi mphambu amalira nazo. Zonse zothamanga. Yathu mulibe.

Chimene chinandigwira ndi zomwe anthu amalemba pansi pa nyimbozo. Kompyuta imamasulira mopotoka koma zimamveka. Wina akuti ankaimvera ndi mnzake pa njinga, mnzakeyo sadziwa kumene ali. Wina akuti ali mu sitima, wavala suti, akubisa nkhope. Ndinayesa kuti kusowa kwanu kumafuna nyanja pakati. Awa ali m'dziko lawo lomwe, koma akulira ngati ine.

Kunja ana akuphulitsa makombola a chikondwerero chawo cha chaka ndi chaka. Ndatseka makatani.

Lachisanu, 6 Novembala

Ndakumana ndi a Gertrude, namwino wa kwathu, mu tiramu, kasitima ka m'tauni muno, akuchokera ku shifiti yawo kuchipatala. Ndawafotokozera. Akuti n'zoona, odwala sitiroko ena amayamba kuimba asanayambe kuyankhula, iwo anaonapo mu wodi. "Koma musachedwe, a Sydney. The longer he's quiet, the harder."

Kenako kuseka. "Koma inuyo. Anzanu amasowa chambo, inu mukusowa mdala wa ku Japan?"

Ndi iwo andikumbutsa kuti ku nyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, a Harry a m'chipinda chakumapeto ali ndi mpongozi wa ku Japan. Ndinawauzapo ndekha chaka chatha. Mpongoziyo amabwera Loweruka.

Loweruka, 7 Novembala

Dzina lake ndi Satomi. Wamfupi, amavula nsapato pakhomo la chipinda cha apongozi ake ngakhale palibe amene anamuuza. Zaka mwina 36. Timangopatsana moni basi.

Sitiloledwa kuvutitsa abale a okalamba ndi nkhani zathu. Ndinalowa ndi tiyi, ndinatuluka. Ndinalowanso kukatenga kapu imene inali isanathe. Kachitatu ndinangoti, pepani mayi, ndili ndi funso lachilendo.

Ndinaimba nditaimirira pafupi ndi sinki, thireyi ili m'manja. Bambo wa zaka 47, yunifolomu yabuluu, kuimbira m'mphuno pamaso pa mkazi wa mwini.

A Harry anatsegula diso limodzi. "Who's died?"

Satomi anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali. Akuti pepani kwambiri, sakuidziwa. Kodi si ya kutchalitchi? Ndinati ayi, munali magitala, munali ng'oma. Anapempha kuti ndiimbenso ajambule pa foni yake. Ndikuganiza anangondimvera chisoni.

Lamulungu, 8 Novembala

Sindinapite kutchalitchi. Ndaimba foni ku Bangwe. Alamu akuti Elton phala wadya masipuni ochepa. Ndinati mumuike foni kukhutu. Ndinayankhula za mpira, za kuzizira, za mitengo ya kuno yomwe yayoyoka masamba onse. Kumbali inayo kupuma kokha.

Lachiwiri, 10 Novembala

Yapezeka.

Satomi wabwera pakati pa sabata, chikhoto chonyowa, kundifunafuna mpaka kuchipinda chochapira. Akuti dzulo ankatsuka mbale, kanyimbo kanga kakuzungulira m'mutu, ndipo poti ankafulumira, kanayamba kufulumira nako. Mpaka anagwetsa supuni.

Anaiimba pomwepo, akumenya m'manja. Inali yomweyo, koma ikuthamanga ngati yaba kanthu. Kenako anaiika pa foni.

Mdala wathu wa imvi kulibe. Ndi kamnyamata koonda, mawu okwera ngati a mtsikana, kakudumphadumpha pa siteji. Wailesi ya m'minibasi ija inali yotopa, inkakoka kaseti pang'onopang'ono. Zaka zonsezi ine ndi Elton takhala tikulira ndi nyimbo yovina.

Satomi akuti chaka chimene ankamaliza sekondale panalibe mwana wosaidziwa. Anyamata onse anagula magitala chifukwa cha gulu limeneli. Linatha iye ali ku yunivesite. Mpaka lero anzake akakumana kumalo koimbira, amaisungira kumapeto, ndipo amuna akuluakulu amavula mataye. Ndinafunsa kuti imanena chiyani. Akuti mnyamata akupalasa njinga kutsika phiri tsiku lotsekera sukulu, akukuwa kuti sadzakalamba.

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa chikhoto. Akuti chibwerereni kuno sanaimvepo. Amuna ake a Ralph amati nyimbo zonse za kwawo zimamveka mofanana.

Tinaima pakati pa makina ochapira, aliyense akumva yake.

Ndinathokoza kwambiri. Koma pobwerera mu basi ndinali ngati munthu amene wauzidwa kuti chithunzi cha bambo ake chimene wasunga m'chikwama ndi cha munthu wina.

Ndaitumiza ku Bangwe pa WhatsApp.

Lachitatu, 11 Novembala

"Alamu, mwatumiza chiyani? Phokoso lokhalokha. Akankha foni ndi dzanja labwinolo, yagwera pansi. Kuyambira pamenepo ngakhale kam'mphuno kaja asiya."

Ndinafotokoza za kaseti yokokeka. Anangoti, "Oho."

Ndawonjeza matenda.

Lachinayi, 12 Novembala

Ndikuimvera yothamangayo. Mu tiramu, pokwera chitunda cha kwathu kuno, pophika. Sindikufuna koma chala chikungobwerera. Ndipo choipa n'chakuti ndayamba kuikonda. Pali pena pamene ng'oma zimaima, kamnyamata n'kukoka mpweya, zonse n'kugwa pamodzi. M'minibasi pamenepo tinkayesa kuti mdala akuusa moyo.

Elton anali ndi zaka 26 nthawi imeneyo. Ankathamangitsa galimoto pa Njuli mpaka amayi kukuwa. Mwina nyimbo yeniyeniyo inali yake kuposa ija tinkaimva.

Sindinaimbe foni lero. Manyazi.

Lachisanu, 13 Novembala

Satomi wasiya kaphukusi ku ofesi, mabisiketi a mpunga. Anzanga a pa shifiti akundiseka kuti ndapeza chibwenzi. Ndawagawira onse.

Alamu alemba kuti lero Elton wakana masewera olimbitsa mwendo. Wodzamuphunzitsa masewerawo wangobwerera.

Loweruka, 14 Novembala

Buleki ya masana. Ndinatuluka kuseri, kumene kuli migolo ya zinyalala, poti ndi kokhako kopanda anthu. Mphepo yolasa m'makutu. Ndinalibe nzeru ina iliyonse. Nyimbo ija mmene tinkaidziwira palibe pomwe ili padziko lonse, pa intaneti kapena m'sitolo. Yatsala mwa anthu awiri basi.

Ndinaimba foni ku Bangwe, n'kuuza alamu kuti aike foni pa pilo ya Elton, asanene kanthu.

Ndinayamba. Vesi yoyamba yonse, kulibe yankho. Ndinkamva mwana wa aneba akulira, ndi wina akusesa. Ndinalowa kolasi, ndikuganiza kuti ndikamaliza ndingotsanzika.

"Ayi."

Ndinaima. Ndinayesa ndi alamu. Koma anali mawu a mwamuna, olemera, ngati lilime latupa.

"Ayi. Ay-yi."

Alamu anakuwa, "Mayo! A Elton! Mwati chiyani? Alamu, mwamva? Mwamva?"

Kenako m'mphuno muja, pang'onopang'ono, akukoka liwu lililonse mpaka kumapeto kwake. Pamenepo ndinazindikira. Masiku anayi a kamnyamata ka pa njinga anandilowa m'magazi. Ndinkathamanga. Mng'ono wanga, wosayankhula mwezi wathunthu, watsegula pakamwa kuti andiuze kuti ndikulakwitsa.

Ndinati, "Pepani adalaivala. Tiyambirenso."

Kunamveka kanthu ngati kutsokomola. Alamu akuti kunali kuseka, mbali imodzi ya pakamwa.

Tinayambiranso, iye patsogolo, ine pambuyo. Nditafulumira pang'ono pa kolasi, "Ayi" wina, wamphamvu kuposa woyamba. Chitseko chakuseri chinatseguka, abwana a shifiti akuloza wotchi yawo. Ndinakweza dzanja kuti adikire. Tinali tisanafike pakati.