Dzina la pa Chiliza

Nazimabad, Karachi
Juni 1968

Mwana wanga Zubair,

Salamu aleikum. Uli bwanji ku Quetta kumeneko? Nanga mkazi wako Nighat? Kamdzukulu kanga mano aja atuluka? Ife kuno tilipo mwa chifundo cha Mulungu, kungoti kutentha kwatitha, ndipo bondo langa lija silinasiye mwano.

Bambo ako m'thupi ali bwino. Koma ine tulo sindikutiona, ndiye khala pansi uwerenge.

Ukudziwa kuti bambo ako akamalemba mabuku awo aja, munthu wofuna kumupha m'buku samupatsa dzina la wamoyo, chiyambire pomwe wamkaka uja anadzipeza atanyongedwa m'nkhani yawo n'kusiya kutibweretsera mkaka. Amapita kumanda, n'kumayenda pakati pa ziliza ngati akusankha tomato, mpaka dzina liwakomere. Amati akufa sadandaula. Koma zaka zonsezi ankatola pa ziliza zakale zandere, zimene abale anaziiwala kalekale.

Ulendo uno dzuwa linawaotcha, ulesi n'kuwagwira, anangotola pafupi ndi chipata. Ghayas Lodhi. Sanaone n'komwe kuti maluwa a pamandapo anali asanaume.

M'buku la mwezi uno, Ghayas Lodhiyo amafa atadya maswiti a barfi othiridwa chiphe, abale onse n'kumati ndi mtima. Buku linatha tsiku lomwelo, anthu ochita kulimbirana. Kumapeto bambo ako analemba kuti wofufuza wawo uja, Kaputeni Sarmad, adzatchula wakuphayo mwezi wamawa.

Sabata isanathe kunabwera mlendo. Waulemu, wovala zoyera, mphete yobiriwira ku kachala kakang'ono, mafuta onunkhira kumveka asanalowe. Anati dzina lake ndi Anees, mkamwini wa malemu Ghayas Lodhi, amene anamwalira ndi mtima miyezi yapitayi n'kumusiyira sitolo. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndikumva zonse.

Bambo ako anapepesa, n'kufotokoza za ziliza zija. Mlendoyo anati palibe kanthu, iyenso ndi wowerenga wawo. Anangofuna kudziwa chimodzi: za barfi anawauza ndani?

Ukuwadziwa bambo ako akaona munthu wowamvetsera. Anaseka, n'kumenya pachipumi, akuti palibe anawauza, mutu umenewu wapha anthu ambiri kuposa kolera. Mlendoyo sanaseke. Anati, Mirza Sahib, mutu wotere muziusamala.

Chiyambire pamenepo sadumphitsa. Amabwera madzulo nthawi ya tiyi, amakhala pampando wako uja, tiyi wake n'kumazizira m'kapu. Amafunsa kuti bambo ako amapita mzikiti uti, amadzera njira iti, mwana wamwamuna ali kutali bwanji. Bambo ako amangoyankha zonse ngati ali pa wailesi.

Ndinawachonderera kuti wakuphayo akhale wophika, kapena kazitape wakunja, nkhani ithe tigone. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Akuti, mayi a Zubair, owerenga anga si mbuzi, sindinawanamizepo. Ndinati owerengawo sadzabwera kudzakusambitsani mukafa. Akuti adzabwera, ndipo msewu udzatsekeka.

Mwina akanandimvera pakanapanda mayi wina. Lachinayi ndikugula ndiwo, mayi wofunda mpaka kumaso anandigwira dzanja. Dzanja lake linali lozizira, kunja kukutentha chotere. Anandinong'oneza kuti malemuwo anali bambo ake, n'kunena kuti, mayi, auzeni asasiye, alembe. Ndisanatsegule pakamwa anali atalowa m'chigulu cha anthu.

Ndinawafotokozera bambo ako kuti achite mantha. Mantha ake ati? Anangotenga cholembera. Kwa zaka makumi awiri akhala akugwira zigawenga za papepala, tsopano akudziona ngati Kaputeni Sarmad weniweni, pomwe kupha mphemvu amaitana ine.

Dzulo ndikusesa ndinaona tsamba lomwe linali patebulo. Wakuphayo wavala zoyera, ali ndi mphete yobiriwira ku kachala kakang'ono. Akuti akamaliza apereka kwa mlembi wa osindikiza Lachisanu likubwerali. Anees akudziwa tsikulo, bambo ako anamuuza okha.

Ndiye ndikukupempha, mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Pempha tchuthi ku njanjiko, bwera uwatenge. Uwanamize kuti mwana akudwala, uwanamize chilichonse. Ine sandimva, koma iwe amakuopa pang'ono. Ndikuchita mantha, Zubair, mantha amene sindinachitepo ngakhale tikuthawa kwathu ku Amroha iwe uli kumsana.

Lolemba Anees anabwera ndi bokosi la barfi, akuti ndi lothokoza Mirza Sahib. Bambo ako ndi zotsekemera ukuwadziwa. Ndinalilanda ndisanapereke n'komwe moni, n'kulibisa kukhitchini kuseri kwa chitini cha shuga, ndipo tsiku lililonse bambo ako amandifunsa kuti lili kuti.

Nyerere za m'nyumba muno ukuzikumbuka, sizisiya kanthu. Chitini cha shuga chachita kuda nazo. Pabokosi lija palibe ndi imodzi yomwe.

Undiperekere moni kwa Nighat ndi makolo ake, kamwanako ukapsompsone pachipumi. Mulungu akusunge, akufupikitsire njira. Ukamabwera usatigulire maswiti.

Ndine mayi ako,
Sughra