Kansapato ka pa Tukutuku ya Ragab

Imbaba, Cairo
Lamlungu

Achemwali anga Ihsan,

Mtendere ukhale nanu. Ndikufuna kumva za moyo wanu, wa alamu ndi ana, komanso ngati bondo la amayi lasiya kutupa. Ife kuno tilipo, Mulungu ayamikike, kungoti fumbi la mumzinda uno sindinalizolowerebe.

Ndalemba papepala mwadala. Ndikangogwira foni, apongozi amapeza chochita pafupi ndi ine.

Alamu anu Ragab anasiya kunyamula njerwa, pano akuyendetsa tukutuku yawoyawo, njinga yamoto yonyamula anthu ija. Sindinganame, yatithandiza. Misewu ya kuno ndi yopapatiza moti galimoto silowa, koma iyo ndi matayala ake atatuwo imalowa paliponse ngati khoswe, mpaka kumutula munthu pakhomo. Apongozi atakomoka mwezi wathawu, Ragab anawafikitsa kuchipatala osapempha munthu. Nyama nayo tayamba kuiona Lachisanu lililonse.

Zovuta zilipo. Ku msewu waukulu siloledwa, ndiye Ragab amayenda maso ali uku ndi uku kuopa kulandidwa. Pokhota imafuna kugubuduka, ndipo tsiku lina inagwadi ndi mayi wina atanyamula mazira. Mayiyo anamutukwana mpaka makolo ake a kumanda. Koma choipa chenicheni n'chakuti ilibe zitseko. Aliyense amaona amene wakwera, ndipo pali anthu amene sangagone asanabwere kudzandiuza.

Kumapeto kwa msewu wathu kuli mkazi wamasiye, dzina lake Wafaa, wa ana atatu. Amasoka zovala kufupi ndi njanji, ndipo m'mawa uliwonse amakwera ya Ragab, ngati kuti Imbaba yonse muli tukutuku imodzi. Mukudziwa nokha kuti kamalo ka pambali pa woyendetsa mkazi sakhalapo pokhapokha akhale mkazi wake kapena mlongo wake. Mayi wogulitsa buledi anandiuza, akundipatsa buledi wowonjezera ngati wondipepesa, kuti anamuona Wafaa atakhala pomwepo, mapewa akugundana ndi mwamuna wanga.

Nditamufunsa Ragab anati kumbuyo kunadzaza mabotolo a gasi, nanga akanamumangirira padenga? Anaseka mpaka kutsamwa tiyi, akuti iwe Nagat nsanje yakoyi ingayendetse tukutuku popanda petulo. Ndinamuyankha kuti ayesere, aone kumene ikamugwetsere. Nsanjeyo ndili nayo, sindikana. Ine ndi mkazi wake, koma pamalo amenewo ndinakhalapo kamodzi kokha, tsiku limene anaigula.

Zimenezo ndikanazipirira. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china.

Woyendetsa aliyense kuno amapachika kansapato ka khanda kumbuyo, kuti diso la anthu a kaduka ligwere pamenepo, lisagwere pa tukutuku. Aliyense amapachika ka mwana wake. Ya Ragab yayenda miyezi isanu popanda kanthu, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, m'nyumba muno mulibe nsapato yaing'ono kuposa yanga.

Sabata yathayi ndinatuluka kukataya madzi, ndikuona kansapato kofiira kakulendewera. Anapereka ndi Wafaa, ka mwana wake womaliza. Ragab akuti palibe nkhani, nsapato ndi nsapato, ndipo anakapachika tsiku lotsatira mazira aja, chifukwa anzake ankamunena kuti akuyenda maliseche. Mwina ndi zoona. Koma madzulo ake apongozi, akusankha nyemba, anayamba kumutama Wafaa kuti ndi mkazi waulemu, wa mimba yodalitsika. Kenaka anati tukutuku imaima yokha chifukwa ili ndi matayala atatu, ya awiri imafuna woichirikiza. Anayankhula akuyang'ana nyemba, koma ine si mwana, ndinamva kuti akunena za mitala. Ragab sanawatsutse, ndipo chimenecho ndi chimene chikundidya.

Lachisanu masana, amuna onse ali ku mzikiti, ndinatenga sizasi n'kukadula chingwecho. Ndinayenda mpaka ku mtsinje kuti ndikakaponye m'madzi. Ndili pamlatho ndinakatulutsa, ndipo kanakwana m'dzanja langa. Kutsogolo kwake n'koperepeseka, pamene mwanayo ankakhuza chala pophunzira kuyenda. Ndinalowetsamo zala ziwiri. Achemwali, ndinaima pamenepo mpaka mapemphero anatha, ndipo sindinakaponye. Kali m'bokosi la zovala zanga za ukwati, ndipo ndakatulutsa kale kanayi.

Ragab akuyesa kanagwa. Anayenda wapansi msewu wonse kukafunafuna. Dzulo ndamva kuti Wafaa wamuuza kuti asadandaule, nsapato inzake ilipo, akaipeza m'katundu abweretsa.

Pempho langa ndi ili. Yassin wanu nsapato zake zoyamba zinamuthina kale, zija zobiriwira ndinamugulira pa Idi. Mupatse msuweni wathu Hamdi pobwera ndi lole ya anyezi Lachinayi lino, asadikire ulendo wina. Ngati pa tukutuku ya mwamuna wanga payenera kulendewera nsapato ya mwana wa wina, akhale wa magazi anga. Ndikufuna Wafaa akamabwera ndi yake apeze malo atatha.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawawerengere. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Akhmim, kwa mlongo wathu Fathi ndi mkazi wake, ndi kwa ana anu onse anayi. Yassin mumupsompsone pachipumi m'malo mwanga.

Nanunso ndimakuchitirani nsanje, achemwali, ndipo lero ndanena. Mutumize nsapato zonse ziwiri. Imodzi ipita pa tukutuku, inayo ndi yanga.

Ndine mng'ono wanu amene munamubereka kumsana,
Nagat