Thumba la Nshawa pa Mpando wa Natasha

Katete

Okondedwa akulu anga a Rose,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine thupi lili bwino, koma mtima wokha ndiwo sukundipatsa mtendere.

Alamu anu a Yotam apeza ntchito yowazunguza mutu kugalaja kwawo. Mtsikana wina wa ku Lusaka, dzina lake Natasha, anabweretsa kamotoka kofiira kampikisano, kafupi ngati mphasa. Akuti pokhota kamapendekeka. A Yotam anachotsa mashoko onse, zitsulo zija zoletsa motoka kudumphadumpha, n'kuika olimba, anasinthanso chitsulo chopingasa chapansi chija amati suweyiba, choletsa motoka kugwera mbali imodzi. Kunyumba nkhani ndi yomweyo. Inenso ndaloweza, ngakhale njinga sinditha kupalasa.

Akuti mashoko amamangidwa molingana ndi kulemera kwa mwini motoka atakhala pampando. Ndiye Natasha amabwera, amakhalapo, iwo n'kumakwawa pansi ndi sipanala. Kenako awiriwo ulendo wa ku Sinda, ati kukayesa. Natasha akakhala kulibe, pampandopo amaikapo thumba la nshawa zanga ndi ndowa ina pamwamba. Akuti ameneyo ndiye Natasha ndendende. Akulu, nsanje ikundidya, sindibisa.

Loweruka a Yotam anatumiza uthenga woti ndipite kugalaja ndikakhale m'motokamo. Ndinasamba, ndinavala chitenge chija munandigulira pa mwambo wa Kulamba, poganiza kuti lero ndi tsiku langa lozungulira tauni. Ndinafika n'kupeza kuti thumba lija mbewa zinaliboola, ndiye ankafuna cholowa m'malo mwake. Ndinakhala pampando, iwo anayeza pamwamba pa tayala ndi tepi, n'kupukusa mutu.

"Tsika, Selina. Walemera kuposa Natasha, undisokonezera mashoko."

Ndinatsika anyamata a pagalaja akuseka. Iwo anali kale kalikiliki kusoka thumba.

Ndalemeradi, akulu. Ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Ndinkadikira kuti aone okha monga anaonera pa mwana woyamba, koma maso awo ali pa tepi. Kulemera kwa mkazi wina akukudziwa mpaka ndowa, kwanga sanafunse n'komwe kuti kwachokera kuti.

Chonde uzani achimwene a Alick, ankhoswe athu, abwere kuno mwezi usanathe. Akapanda kubwera ndikwera minibasi ya kwathu ku Vubwi, a Yotam akamve za mwana wawo kwa amayi.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Selina