Asanu Enawo Adwala?

Lachitatu. Kwazizira, ndipo ndakwiya.

Ndakumbuka tili ana ku Chibanja, tikumenya chikulunga asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, magolo ali njerwa. Mnzanga Chiza, malemu, ankakhala pagolo wopanda nsapato.

Lero bwalo lomwelo a komiti ya m'dera lathu akufuna aziimikapo maminibasi. Ndinauza a Nyirenda, apampando a komitiyo, kuti mpira waung'onowu unakula mpaka kukhala ndi mpikisano wa dziko lonse, maiko kumaimba nyimbo za fuko. Anaseka chomene. "Asanu enawo adwala, adada?"

Ndinatsala pang'ono kuwatukwana. Ana athu azikasewera kuti, pamsewu?

Madzulo ano atumiza uthenga kuti komiti yavomera kukumana nafe makolo Loweruka. Ndayankha kuti tikumane pabwalopo ana akusewera, a komitiwo akawauze okha anawo za maminibasiwo.